Funsani Alangizi: Kanjedza, Mgwalangwa ndi Kokonati, Kwawo N'kuti?

Makalata asanu a mwezi uno akufunsa za mitengo ya banja limodzi, ndiye tawaika pamodzi. Akuyankha ndi alangizi a zankhalango ndi zaulimi a kuno kum'mawa kwa Zambia.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Chadiza. Ana a m'kalasi mwanga amaona mitengo ya kanjedza pa TV, ina kunyanja, ina m'chipululu, ina m'misewu ya ku America. Andifunsa kuti mitengoyi imamera yokha kuti popanda wobzala. Ndiwayankhe bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, yambirani pa kanjedza amene anawo amanyamula pa Lamulungu la Kanjedza. Muwauze kuti ameneyo ali ndi abale ambirimbiri. Akatswiri a zomera amawerenga mitundu pafupifupi 2,600 m'banjali. Mgwalangwa, mvumo, chiwale, kokonati ndi mtengo wa tende (pa Chingerezi dates), onsewa mbumba yawo ndi imodzi.

Zimene anawo amaona pa TV zimasocheretsa pang'ono. Mitundu yambiri sikhala m'chipululu kapena pamchenga wa kunyanja ayi. Imakhala m'nkhalango zowirira za kumadera otentha, kumene mvula imagwa pafupifupi chaka chonse: ku Borneo, Malaysia ndi New Guinea, komanso ku Colombia, Brazil ndi chigwa chonse cha Amazon. Kumeneko ina ndi yaifupi yolekeza m'chiuno, yokhala mumthunzi wa mitengo ikuluikulu moyo wake wonse. Ina siimirira n'komwe, imangoyanga m'mitengo inzake pogwira ndi minga. Imeneyo ndiyo rattan amene amalukira mipando ku Asia.

Munthu akamachoka pa ikweta kulowera kozizira, mitundu imachepa msanga. Ulaya yense ali ndi iwiri yokha yachibadwidwe. Wina ndi wamfupi, wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo amafika mpaka kum'mwera kwa France. Wina ndi mbale wake wa tende, wa pachilumba cha Crete. Kum'mwera kwa dziko lapansi wotsiriza ndi nikau wa ku New Zealand, amene amamera mpaka pazilumba za Chatham. Malire onse awiri ali cha pa madigiri 44 kuchoka pa ikweta, ndipo chimene chimawaika ndi chisanu. Pafupifupi thunthu lililonse m'banjali lili ndi nsonga imodzi yokha yophukira, pamwamba penipeni pakati pa masamba. Nsongayo ikapsa ndi chisanu, thunthu lonse latha. Opirira kuzizira alipo koma ndi ochepa. Mmodzi ndi wa m'mapiri a Andes ku Colombia, pamalo okwera kupitirira mamita 2,000, ndipo ndiye wamtali kuposa onse: amafika mamita 60.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti Africa, ndi kutentha kwake konseku, ndi wosauka pa mitengoyi. Mu Africa yense, kupatula zilumba, muli mitundu pafupifupi 65 basi, pamene chilumba cha Madagascar chokha chili ndi pafupifupi 200, yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Akatswiri amati kalekale Africa idauma kangapo, nkhalango zamvula n'kufota, mitundu yambiri n'kutheratu. Ku Seychelles, pazilumba ziwiri zazing'ono za Praslin ndi Curieuse, kuli coco de mer, mwini wa mbewu yaikulu kuposa ya chomera china chilichonse. Imodzi imatha kupitirira makilogalamu 15.

Za m'misewu ya ku America, ku Florida iliko yachibadwidwe, koma italiitali ya ku Los Angeles ija ndi yochita kubzala, yambiri yochokera ku Mexico. California yense ali ndi mtundu umodzi wokha wakewake, womera pa akasupe a m'chipululu. N'chimodzimodzi ndi yosalala thunthu, yobiriwira m'khosi, imene mumaiona pamahotela ndi m'mayadi a m'matauni athu. Kwawo ndi ku Cuba ndi maiko oyandikana naye.

FUNSO: Ndine mlimi ku Katete. Ndidabzala kokonati wochokera ku Mozambique. Adamera, koma patha zaka akadali wamfupi ndipo masamba ndi achikasu. Akudwala chiyani?

YANKHO: Bambo, si matenda, ndi nyengo. Kokonati kwawo ndi m'magombe a nyanja zamchere, kuyambira ku India ndi Sri Lanka mpaka ku Indonesia, Philippines ndi zilumba za Pacific. Kugombe la Tanzania ndi Mozambique adafika kalekale ndi amalonda a panyanja, ndipo adakhazikika chifukwa nyengo ya malo ngati Quelimane ndi yofanana ndi ya kwawo. Amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 27 chaka chonse, mvula yoposa mamilimita 1,500 yogwa mosadukiza, mpweya wachinyezi ndi malo otsika. Katete ndi Chipata zili pamtunda, cha pa mamita 1,000 kapena kuposa. Mvula yathu ndi ya mamilimita pafupifupi 1,000, yonse yothera pakati pa Novembala ndi Epulo, kenako chilimwe cha miyezi isanu ndi umodzi, ndi usiku wozizira wa Juni ndi Julayi pamwamba pake. Mtengo umaima kukula nyengo yozizira ikafika, masamba n'kuchita chikasu. Ngakhale utadzafika pochita maluwa, tizipatso timayoyoka tikadali tating'ono. Ku Salima ndi ku Nkhotakota amabereka chifukwa nyanja ya Malawi ili potsika, cha pa mamita 500, usiku kumafunda, ndipo mizu imafika pamadzi.

Ngati mukufuna wanuyo akhale wokongoletsa pakhomo, muthandizeni motere. M'chilimwe muzimuthirira ndowa ziwiri za malita 20 kawiri pa sabata. Yalani udzu wouma kuzungulira tsinde koma usakhudze thunthu. Thirani manyowa owola bwino ndi phulusa la nkhuni mvula ikamayamba, chifukwa kokonati amadya kwambiri potashi, mchere wopezeka m'phulusalo. Mutchingireni mphepo ya mwera. Wobzala mwatsopano asankhe kumpoto kwa khoma, kumene dzuwa la Juni limawomba tsiku lonse, ndipo atenge chipatso chokhwima chosasenda, chomveka madzi pochigwedeza. Achigoneke cham'mbali, akwirire magawo awiri a magawo atatu, n'kudikira miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi. Wosendasenda wa m'sitolo kawirikawiri amangowola.

Koma tinene mosabisa: munda wa kokonati wa malonda pamtunda pano ndi kutaya ndalama. Ndiponso musalowetse mbande pa chipata cha malire cha Chanida popanda chilolezo cha oyang'anira matenda a zomera. M'chigawo cha Zambezia ku Mozambique muli matenda a chikasu amene adapha kokonati wambiri. Amenewo amapha mtengo m'miyezi yochepa, n'chifukwa chake tikuti wanu, amene wakhala zaka, alibe.

Ena amafunsanso za mtengo wa mafuta ofiira ophikira. Umenewo ndi wa mu Africa momwemuno, kumadzulo ndi pakati, ndipo ku Zambia umamera ku Luapula ndi m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Mu 1848 mbande zinayi zidabzalidwa ku Bogor pachilumba cha Java, ndipo lero Indonesia ndi Malaysia ndiwo amapanga mafuta ambiri a mtengowu padziko lonse. Nawonso umafuna mvula ya mamilimita pafupifupi 2,000. Chilimwe chathu sichiulola.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mambwe, ndimaluka mikeka, madengu ndi zipewa. Mlaza ukusowa, tikuyenda mtunda wautali kukadula. Tidayesa kufesa mbewu za mgwalangwa m'timapepala ta nazale koma palibe idapulumuka. Talakwitsa pati?

YANKHO: Amayi, funso lanu ndilo lofunika kwambiri mwezi uno, chifukwa mukunena za mtengo umene kwawo ndi kuno. Mgwalangwa ndi wa m'zigwa zotentha za Luangwa, Zambezi ndi Shire, ndipo umakonda dothi lamcheremchere pamene madzi ali pafupi pansi. Mlaza umene mumadula ndi masamba a mgwalangwa womwewo ukadali chitsamba. Abale ake atatu tili nawonso. Mvumo ndi wamtali, wotupa thunthu chapamwamba, wa zipatso zazikulu zokhala ndi mbewu mpaka zitatu. Kanjedza amamera m'magulu m'mbali mwa mitsinje, m'madambo ndi pazulu. Chiwale chimafuna matope a m'mitsinje yosaphwa, ndipo masamba ake ali m'gulu la aatali kwambiri pa zomera zonse. Cha ku Central Africa kuli mtundu wina wa chiwale umene tsamba lake limafika mamita 25.

Vuto lanu ndi timapepalato. Tengani chipatso cha mgwalangwa muchiyang'anitsitse. Kunja kuli khungu lofiirira lonyezimira. Pansi pake pali mnofu wouma wotsekemera umene ana ndi anyani amakukuta, kenako chigoba cholimba, ndipo mkatikati muli mbewu yoyera yolimba gwa. Mbewuyi ikamera siyamba ndi tsamba. Imatulutsa chinthu choyera chonga muzu, chimene chimaloza pansi mpaka kutalika kwa mkono wa munthu, ndipo mwana wa mtengo ali kunsonga kwa chimenecho. Akakhazikika pansipo m'pamene tsamba loyamba limabowola nthaka kukwera kumwamba. M'kapepala ka nazale chinthucho chimagunda pansi, n'kupindika, ndipo pookera chimathyoka. Mvumo umameranso chimodzimodzi. Mitengo iwiriyi imafuna kubzalidwa pamalo pomwe idzakhale.

Tolani zipatso zakupsa zogwa zokha. Zopezeka m'ndowe za njovu zimamera bwino kuposa zonse, chifukwa m'mimba mwa njovu mnofu umachoka ndipo chigoba chimafewako. N'chifukwa chake migwalangwa imatsata njira za njovu m'chigwamo. Koma musalowe m'paki kapena kuika moyo pachiswe chifukwa cha mbewu. Zogwa zokhazo palani mnofu wonse ndi mpeni, muziviike m'madzi sabata imodzi, madziwo mukusintha tsiku ndi tsiku kuti zisawole. Bzalani mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka, mbewu ziwiri kapena zitatu paphando, kuya kwa masentimita 5 kufika 10, mapando otalikirana mamita atatu. Khomani chikhomo paphando lililonse. Apa m'pofunika kuleza mtima: tsamba limatenga miyezi yambiri kuti lioneke, ndipo mbewu zina zimadikira dzinja lotsatira. Ambiri amafukula kuti aone ngati yamera, n'kuthyola mwana uja. Lambulani kuzungulira malowo moto wolusa usanayambe, ndipo tchingirani ndi minga chifukwa mbuzi ndi ng'ombe zimadya tsamba lanthete. Mlaza wodula mudzaupeza patapita zaka zingapo.

Pakali pano tetezani umene ulipo. Dulani ndi mpeni, osati khasu kapena nkhwangwa, chifukwa khasu limalowa pansi n'kuvulaza nsonga yophukira. Dulani tsamba losatambasuka lokhalo, pamwamba pa tsinde lake, ndipo pa masamba atatu atsopano tengani limodzi, awiriwo asiyeni adyetse chitsamba. Ogoma uchema nawonso muwalankhule. Pogoma amasenga nsonga tsiku ndi tsiku mpaka thunthu limafa. Chitsa chimaphukiranso m'mbali, inde, koma mitengo yaitali yobereka ikatha mbewu sizidzapezekanso. Mgwalangwa uli ndi waumuna ndi waukazi, ndipo zipatso zimatenga zaka ziwiri kuti zipse. Mfumu ya mudzi ikaika lamulo loti yaitaliyo isagomedwe, mwapulumutsa mlaza wa adzukulu anu.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Kapata mu Chipata. Mbewu za tende amene timagula nthawi ya Ramadan ndingabzale n'kudzakolola?

YANKHO: Achimwene, kumera zimera, koma kukolola n'kokayikitsa. Tende kwawo ndi ku Arabia, Iraq ndi kumpoto kwa Africa. Amafuna madzi kumizu, koma zipatso zikamapsa kumwamba kukhale kotentha ndi kouma. Kuno angachite maluwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala, zipatso n'kumapsa mu Febuluwale ndi Malichi, mvula ili pakati. Zimang'aluka, n'kusasa, n'kuwola. Kum'mwera kwa Namibia amalima tende chifukwa kumeneko n'kouma. Chinanso, pafupifupi theka la mbewu zanu zidzakhala zazimuna zosabereka, mudzazizindikira patapita zaka zisanu kapena kuposa, ndipo zazikazi sizifanana ndi mayi wake. Alimi a tende amabzala mphukira za m'tsinde la mtengo wodziwika, ndipo mungu amaika ndi manja.

FUNSO: Ndili ndi nyumba ku Chipata. Mtengo wa kanjedza wachizungu wa payadi udayandikira mawaya a magetsi, ndiye tidaudula mutu. Udzaphukanso? Nanga mizu ya inzake singang'ambe khoma?

YANKHO: Pepani mayi, sudzaphukanso. Mango ukaudula mutu umatulutsa nthambi, koma uwu nsonga yake inali imodzi yomweyo. Ophukira m'tsinde ndi okhawo omera m'magulu, monga kanjedza wathu ndi mgwalangwa. Za khoma musade nkhawa kwambiri. Mizu ya banjali ndi yambirimbiri yowonda ngati ya chimanga, ndipo sinenepa ndi zaka, choncho mamita atatu kuchoka pakhoma ndi okwanira. Yotsalayo muzichotsa masamba ouma okhaokha. Obiriwira ndiwo chakudya cha mtengo, ndipo mukawachotsa ambiri thunthu limawonda pakhosi. Musakhome misomali kapena kutema thunthu, chifukwa lilibe khungwa lotseka bala, dzenje limakhala mpaka kalekale. Chithunthu chodulidwacho chigwetseni, muchiwaze, chiume. Mukachisiya chiwolere pomwepo mudzaswana zikumbu zanyanga zija, ndipo zimenezo zimaboola nsonga za mitengo inzake yamoyo.