Mwana wanga amuika kukhala lineman, azilimbitsa thupi motani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wakwathu yemwe amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Mwana wawo wa zaka 16 akusewera mpira wa ku America kusukulu, ndipo kochi wamuika kukhala lineman, mmodzi mwa anyamata amatupi aja omwe amagundana kutsogolo mpira ukangoyamba. Bambowa amamudzutsa m'mbandakucha kuti akathamange makilomita 5, monga ankachitira iwo akumenya mpira wamiyendo ku Zomba. Akufunsa ngati akulondola, komanso ngati mwanayo azidya kwambiri kuti anenepe.

Bambo, kuthamanga mtunda wautaliko kulekeni. Pa mpira umenewu, kugundana kumodzi kumatha masekondi 4 kapena 6 basi, kenako osewera amapuma mpaka pafupifupi masekondi 40 asanagundanenso. Chimene mwana wanu akufunika ndi mphamvu yotuluka mwadzidzidzi, kambirimbiri, osafooka. Muikireni zizindikiro ziwiri motalikirana mayadi 10, ayambe atawerama dzanja limodzi lili pansi, aphulike ndi liwiro mpaka pa chizindikiro chinacho, abwerere akuyenda, apume, ayambirenso. Kusukulu ali ndi chitsulo cholemera chokankha chomwe amachitcha sled. Achikankhe msana uli wowongoka, chiuno chili m'munsi, mapazi akuponda timasitepe tifupitifupi.

Anyamata ambiri akalowa mu jimu amathamangira bench press, kukankhira chitsulo cholemera m'mwamba utagona chagada pa benchi, chifukwa ndiyo imatukumula chifuwa. Ku NFL Combine, komwe NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, imayesera osewera achinyamata ku Indianapolis konko, amawerenga kuti munthu wanyamula kangati mapaundi 225 pa bench press, omwe ndi makilogalamu 102. Stephen Paea ananyamula ka 49 mu 2011. Koma taonani Orlando Brown Jr.: mu 2018 ananyamula ka 14 kokha, anthu anamuseka, komabe anadzasankhidwa kangapo ku Pro Bowl, masewera a akatswiri osankhidwa pachaka, ndipo anapambana Super Bowl, fainolo ya NFL, ndi Kansas City Chiefs. Mnzako sumusuntha ndi chifuwa. Mphamvu imachokera pansi, kudzera m'ntchafu ndi m'chiuno, manja amangomalizitsa. Amene anakankhapo minibasi yotitimira m'matope amadziwa zimenezi.

Choncho squat (kunjuta utasenza chitsulo pamapewa) ndi deadlift (kunyamula chitsulo kuchoka pansi mpaka utaima chilili) zikhale patsogolo, katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo power clean (kunyamula chitsulo mwachangu kuchoka pansi kufika pamapewa) aiyambe pokhapokha pali kochi womuyang'anira. Pa msinkhu wakewu ayambe ndi zopepuka mpaka kanyamulidwe kakhazikike, kenako aziwonjezera pang'onopang'ono. Khosi asaliiwale. Akakolo ndi chiuno nazonso zifewe, chifukwa lineman amene satha kunjuta bwino amaimirira msanga, ndipo woimirira ndi amene amakankhidwa.

Za kunenepa ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri. N'zoona kuti ma lineman a NFL amalemera makilogalamu 140 kapena kuposerapo, koma amenewo ndi akuluakulu amene amanga minofu zaka zambiri. Mwana wanu adye nsima yake, nyemba, mazira, nkhuku, mkaka ndi masamba, agone mokwanira. Zakumwa zashuga ndi zokazinga zam'malesitilanti zimangounjika mafuta.

Thupi lalikulu limasunga kutentha, ndipo zovala zodzitetezera ndi chipewa cholimba chija zimawonjezera. Korey Stringer wa Minnesota Vikings anamwalira mu Ogasiti 2001 thupi litatentha kwambiri pokonzekera masewera. Jordan McNair wa pa yunivesite ya Maryland anamwalira chimodzimodzi mu 2018 ali ndi zaka 19. Onsewa anali ma lineman. Zokonzekera za Ogasiti zisanayambe, pitani nokha kwa kochi mukamufunse ngati masiku oyambirira amayamba pang'onopang'ono opanda zovala zonse, ndiponso ngati pambali pa bwalo pamakhala bafa la madzi a ayezi. Mwana akayamba kudzandira kapena kulankhula zosokonekera, amuviike m'madzimo nthawi yomweyo, ambulansi imupeze ali momwemo.