Nkhuli ya nyama muli woyembekezera

Mayi, mwafunsa ngati nkhuli yakugwiraniyi, chikhalirecho simudya nyama, ikutanthauza kuti magazi achepa. Nkhuli payokha si umboni. Chomwe chingandidetse nkhawa ine ndi kulakalaka dothi, chizungulire, kapena zikhatho kutuwa. Kusikelo pemphani akuyezeni magazi. Mlingo wa magazi (Hb) ukapezeka pansi pa 11, ndiye kuti achepadi.

Ayironi ndi mchere wothandiza thupi kupanga magazi, koma wa mu nyemba, nandolo ndi bonongwe salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Finyirani ndimu pandiwo, kapena tsirizani ndi gwafa. Tiyi amatchinga ayironi, muzimwa patadutsa ola mutadya. Mapiritsi owonjezera magazi aja musamadumphitse, ngakhale chimbudzi chizida, ndi mmene amachitira. Ngati mazira ndi mkaka nazonso simukhudza, auzeni anamwino akuonereni za vitamini B12, yemwe amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama.