Nthambi yothyoka ndi mphepo musaikwerere mvula ikugwa

FUNSO: Mphepo ya sabata yatha inathyola nthambi yaikulu ya mtengo wa kuseri kwa khola langa, inangotsala lende. Poopa kuti igwera ziweto, ndinatsamiritsa makwerero pamtengo mvula ikugwabe, n'kuidula ndi chikwanje kuchokera pamwamba. Pogwa inasenda khungwa mpaka pathunthu, inenso ndinatsetsereka n'kubinya phazi. Pabala la mtengowo ndinapaka oyilo wakutha wa injini, koma tsopano payamba kuda. Ndipakepo mankhwala anji? Palinso nthambi ina yomwe yayandikira mawaya a magetsi.

YANKHO: Bambo, mukufunsa za mankhwala a mtengo, koma ine chandiimitsa mutu ndi makwerero aja. Nthaka yafewa, khungwa likuterera, mphepo ikugwedeza mtengo, inu muli m'mwamba ndi chikwanje dzanja limodzi. Mukanangosamutsa ziwetozo kwa masiku angapo. Thokozani kuti lavulala ndi phazi lokha. Dzinja lililonse ndimamva za anthu ogwa mumtengo, ndipo ambiri amakhala kuti amathamangira kupulumutsa denga kapena khola.

Ngakhale akatswiri odulira mitengo, omwe amakwera atadzimangirira ndi lamba, zingwe ndiponso chisoti cholimba kumutu, amatsika mphepo ikakula. Mukaona nthambi zikuluzikulu zikugwedezeka, mphepoyo yafika pafupifupi makilomita 40 pa ola, ndipo si nthawi yokwera. Choopsa kwambiri ndi mphepo yobwera mwadzidzidzi, chifukwa imatembenuza nthambi mukuidula. Kunena za mphenzi, werengani masekondi kuyambira pamene kwang'anima kufikira bingu litamveka. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, siyani zonse mulowe m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Kubisala pansi pa mtengo womwewo ndiye ayi.

Tibwere ku balalo. Kusendeka kwa khungwa kunachitika chifukwa munayambira pamwamba. Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Choyamba chekani kunsi kwake, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pathunthu, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake. Kenako chekani pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pamene munacheka poyamba, cha kunsonga kwa nthambi, kuti ikamagwa ithyokere pomwepo. Pomaliza chotsani chitsa chotsalacho. Mukayang'anitsitsa polumikizana nthambi ndi thunthu muona kakhosi kotupa. Chekani kunja kwake, musakadule, chifukwa mnofu wotseka bala umamera kuchokera pamenepo. Ndipo gwiritsani sowo. Chikwanje chimasiya bala lokumbikakumbika losunga madzi.

Sindinauone mtengo wanuwo, koma ndikukhulupirira kuti kudako ndi oyilo amene waotcha mnofu wa pansi pa khungwa, ndipo chinyezi chatsekeredwa mkati. Oyilo, penti, phula, zonsezi sizichiritsa mtengo. Bowa woolesa mitengo amakonda malo onyowa, n'chifukwa chake kudulira kumayenera nyengo youma. Dikirani tsiku louma, mupukute oyiloyo, mutenge mpeni wakuthwa n'kudula khungwa lolendewera m'mbali mwa bala kufikira pamene lagwira mwamphamvu. Basi, lisiyeni pamphepo. Mtengo wathanzi umadzitsekera wokha, ngakhale bala lalikulu limatenga zaka.

Mankhwala anga ine ndi amodzi, ndipo alimi anatopa nako kundimva: sowo yomangirira ku ndodo yaitali. Mumadula mapazi ali pansi, mutaima chapambali, osati pansi pa nthambi. Ndalama zogulira sowoyi sizifika ngakhale pa zomwe muwononge pochiza phazilo. Zaka zapitazo ndinaona mlimi akuyeretsa munda wonse wa zipatso ndi sowo yotereyi osakwerapo mtengo ndi umodzi womwe. Nthambi imene sowoyi siingafike, kapena yonenepa kuposa ntchafu yanu, ndi ya akatswiri. Ngati wina akubwerekani makina ochekera mitengo a chainsaw, musakwere nawo makwerero, ndipo musachekere pamwamba kupitirira phewa. Nsonga yake ikakhudza chinthu, makinawo amadumphira kumaso.

Nthambi ya ku mawaya ija musaiyandikire, kaya ndi sowo kaya ndi ndodo. Magetsi amadutsa mumtengo wonyowa, ndipo mphepo ikhoza kuigunditsa pawaya inu mutaigwira. Uzani kampani ya magetsi, ndi ntchito yawo.

Musanabwezere ziweto m'khola, zungulirani tsinde. Mvula ikachuluka mizu sigwira nthaka bwino. Mukapeza ming'alu m'dothi, kapena nthaka yatukuka mbali imodzi, kapenanso mtengo wapendekeka kuposa kale, ndiye kuti wonsewo uli panjira yogwa. Zikatero ziweto ndi ana akhale patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo mpaka odziwa ntchito adzaugwetse.