Kuona nyama ku Tala ndi mbalame zolusa pa theka la tsiku kuchokera ku Durban

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka kunyamuka ku Durban Loweruka m'mawa ndi makolo amene abwera kudzakuonani kuchokera kumudzi, pamodzi ndi ana awiri, kukaona nyama zakutchire ndi mbalame zolusa, n'kubwerako masana. N'zotheka ndithu, bola ulendo wonse muukonze motsatira ola limene amaulutsa mbalame. Nyama mudzazipeza nthawi iliyonse geti ikakhala yotsegula, koma chionetsero cha mbalame chili ndi ola lake, ndipo mukachiphonya mudzangoziona zili duu m'makola.

Malo okwanira pa nthawi yanuyo ndi Tala Game Reserve, kufupi ndi Camperdown, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Mumatenga N3, kudutsa pa toll ya Mariannhill, kenako n'kupatukira mu R603 yolowera ku Eston. Msewu ukakhala wopanda chipwirikiti simukwanitsa ola lathunthu. Malo osamalira mbalame zolusa ali m'dera lomwelo, ambiri amawadziwa ndi dzina loti African Bird of Prey Sanctuary, ndipo anatsegulidwa mu 2006. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri muwaimbire foni. Muwafunse ola loulutsa mbalame pa tsiku lanulo, ngati adzadyetse miimba anthu akuona, chimene amachita kukagwa mvula, komanso akutumizireni okha pini ya geti yawo m'malo modalira imene mwaipeza pa Google Maps. Amene akuganiza zopita mkati mwa sabata afunsenso tsiku limene amatseka, chifukwa malo ngati amenewa sakonda kutsegula Lolemba.

Makolo muwauziretu kuti ku Tala kulibe mikango ndi njovu, kuopa kuti angamayembekezere mkango ulendo wonse n'kulephera kusangalala ndi zimene zili pamaso pawo. Malowa ndi a mahekitala pafupifupi 3,000, ndipo muli zipembere zoyera, mvuu, anyamalikiti, mbidzi, nyumbu, nswala, ngoma, njiri ndi nthiwatiwa. Mikango ndi njovu zili ku Hluhluwe-iMfolozi, kumpoto pa N2, ulendo wa maola atatu kupita kokha. Kumeneko n'kwa tsiku lathunthu kapena kukagona komweko.

Tiyerekeze kuti akuuzani kuti mbalame zidzauluka 10:30. Muchoke panyumba 6 koloko kapena 6:30, kuti mufike geti ya Tala ikungotsegulidwa. Mukhala ndi maola awiri kapena awiri ndi theka oyendayenda m'nkhalangomo, ndipo ikamakwana 10 koloko mukhale mwafika kale kwa mbalame, mwalipira, ana apita kuchimbudzi, mwapeza pokhala. Chionetsero chikatha mumazungulira m'makola kwa ola limodzi, 12:30 muli pamsewu. Musasinthe dongosolo limeneli kuti muyambe ndi mbalame. Nyama zimadya poyera m'mawa kukadali kozizira, dzuwa likakwera ngoma ndi nswala zimalowa m'zitsamba, zipembere zimagona pamthunzi, ndipo mumangotentha petulo. Komanso kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kubwera masana m'dera limeneli.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi N3 yeniyeniyo. Ndi msewu wa mathiraki onyamula katundu kuchokera ku doko la Durban kupita ku Gauteng, ndipo zigawo zina akhala akuzikuza kwa zaka zingapo tsopano. Thiraki imodzi ikafera pamtunda, mwataya theka la ola. Onjezani mphindi 30 pa zimene foni ikukuuzani.

Pa nkhani ya mayendedwe, ngati muli ndi galimoto mukhoza kudziyendetsa nokha m'nkhalangomo. Galimoto yaing'ono imayenda bwinobwino m'misewu yafumbi kukakhala kouma, koma ikagwa mvula usiku musalowe m'tinjira tam'mbali, matope ake amagwira. Njira ina ndi kulipira galimoto yotsegula ya pamalopo yoyendetsedwa ndi renja (woyang'anira nyama m'nkhalangomo), imene imafunika kusungitsa malo pasadakhale. Kwa anthu oyamba kumene, komanso muli ndi akuluakulu, ine ndingasankhe imeneyi. Mumakhala pamwamba n'kumaona patali kupyola udzu, ndipo renja amadziwa kumene zipembere zinagona usiku. Mufunse za msinkhu wa ana, chifukwa malo ena salola ana aang'ono kwambiri pa galimoto yotsegula. Ngati mulibe galimoto musayerekeze kupita pa Uber kapena Bolt. Kupita adzakufikitsani pageti, koma m'nkhalango simungayende wapansi, ndipo wodzakutengani kuchokera kumeneko n'kovuta kumupeza. Kuli bwino kampani ya zokopa alendo yokutengani pakhomo. Musanalipire afotokoze ngati mtengowo ukuphatikiza zolowera malo onse awiri, komanso ngati nyama mudzaziona pa galimoto yotsegula kapena mu minibasi yomweyo imene mwakwera ku Durban, chifukwa ena amatchula mtengo wotsika kenako mumakalipiranso pageti. Mukamawerengera ndalama muikepo zolowera za munthu aliyense, toll kupita ndi kubwera, petulo, ndi kangachepe kothokoza renja.

Mukadziyendetsa, liwiro lisapitirire makilomita 20 pa ola, mawindo akhale otsitsa, wailesi yozimitsa. Anthu amayang'ana nyama yathunthu n'chifukwa chake amadutsa zambiri osaziona. Yang'anani khutu likugwedezeka, mchira ukuthamangitsa ntchentche, kapena miyendo pansi pa chitsamba. Mukafika pa damu zimitsani injini mudikire mphindi 10 kapena 15, mudzaona zambiri kuposa amene akungozungulira. Mvuu masana zimakhala m'madzi, mumangoona maso, makutu ndi mphuno, zimatuluka usiku kukadya udzu. Ikayasamula kukamwa konse ndiye kuti ikuchenjeza, ndipo m'mphepete mwa damu munthu asatsike ngati palibe chikwangwani chololeza.

Chipembere chimafuna ulemu wake. Champhongo chimapitirira matani awiri, sichiona bwino, koma chimamva ndi kununkhiza kwambiri, ndipo chikadzidzimuka chimathamanga mpaka makilomita 40 pa ola. Imani patali mamita 30 kapena kuposa, musatseke njira imene chikulowera, ndipo musalowe pakati pa mayi ndi mwana. Kwa chipembere choyera mwana ndiye amatsogola, mayi pambuyo, choncho mukaona kamwana kakudutsa msewu dikirani, mayi ali pomwepo. Mukaona china chili ndi chitsa m'malo mwa nyanga musadabwe. Nkhalango zambiri za ku South Africa zimadula nyanga kuti opha nyama mozemba asapeze chowakopa, ndipo popeza nyanga imameranso, amabwereza pakatha chaka ndi theka kapena ziwiri. Pa chifukwa chomwecho, zimitsani location pa kamera ya foni musanajambule chipembere, ndipo poika chithunzi pa Facebook musalembe malo enieni amene mwachiona.

Tsopano za mbalame, kumene ana ndi agogo omwe amasangalala kwambiri. Mbalame zimene mumaziona m'makola ndi zimene sizingabwererenso kutchire. Zina zinagundidwa ndi galimoto, zina zinapsa pa mapolo a magetsi kapena kukodwa mu waya waminga, zina anthu anazitola pachisa zili anapiye n'kuzilera pakhomo. Yoleredwa ndi munthu kuyambira ili yaing'ono imakula ikudziwa kuti chakudya chimachokera kwa munthu, ndiye ukaimasula imakatera pakhomo pa wina kukapempha, n'kuphedwa. Zimene zikuchira kuti zikamasulidwe amazisunga kutali ndi alendo kuti zisazolowere anthu.

Kuti mumvetse chifukwa chake ola la chionetsero silisuntha, mbalame youluka amaiyeza pa sikelo m'mawa uliwonse. Imabwerera pa golovesi ya woiulutsa chifukwa cha chakudya basi, ndipo chimene imalandira pa chionetseropo ndi gawo la chakudya chake cha tsikulo. Ikalemera ndi magalamu ochepa chabe kuposa mlingo wake, imakatera pamtengo n'kumakuyang'anani. Zikachitika musaganize kuti akubera ndalama, dikirani, adzaitsitsa kapena kutulutsa ina. Kawaya kamene mudzaone pamwendo kapena pamchira ndi kachipangizo kothandiza kuilondola ikapita kutali. Mvula ndi mphepo yamphamvu zimalepheretsa chionetsero, chifukwa nthenga zikanyowa mbalame imalemedwa, ndipo mphepo ikhoza kuikankhira kutali.

Pokhala, sankhani mzere wapakati, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mbalame zimadutsa pamwamba penipeni pa mitu, mpaka mumamva mphepo ya mapiko. Munthu asaimirire, asatambasule dzanja, asatsegule ambulera, ndipo chakudya chikhale m'chikwama. Ana aang'ono akhale pamiyendo kapena pambali panu. Muwauziretunso kuti mbalamezi zimadya mbewa ndi tianapiye takufa, kuti asadzayambe kulira pakati pa anthu.

Nkhwazi makolo adzaizindikira msanga, ndi yomwe ija ya kunyanja ndi ku Shire, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi ndi pa mbendera ya Zambia. Yaikazi ndiye yaikulu kuposa yamphongo, monga zimakhalira ndi mbalame zolusa zambiri. Akatulutsa kabawi wothamangitsa nyambo imene woiulutsa akuizunguza pa chingwe, siyani foni muonere ndi maso. Mtundu wa peregrine ukamatsika kuchokera kumwamba utapinda mapiko umapitirira makilomita 300 pa ola. M'makola mufunse chiwombankhanga chimene amachitcha crowned eagle. Chimagwira apusi ndi agwape aang'ono, ndipo chimamanga zisa m'nkhalango za mkati mwa Durban momwemo, kotero mwina chimadutsa pamwamba pa nyumba yanu.

Pa kadzidzi pakufunika nzeru. Tonse tikudziwa zimene zimanenedwa kwathu kadzidzi akalira pa denga, ndipo akuluakulu ena sangakondwere kuti awadutse pamutu mosayembekezera. Akambireni muli m'galimoto, ndipo ngati sakufuna, akhale kumapeto kwa mzere, musawakakamize kapena kuwaseka. Amene angafune kuonetsetsa atchere khutu kadzidzi akamauluka, sadzamva kanthu. Nthenga za kutsogolo kwa phiko lake zili ndi timano ngati chipeso, timene timaphwanya mphepo kuti isachite phokoso. Maso ake sayendayenda m'mutu, n'chifukwa chake amatembenuza khosi mpaka madigiri 270. Chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa, ndipo ena amene amafika kumalo osamalirawa amakhala atadya khoswe wodya poizoni. Pomujambula musayatse flash. (Pongodutsa, mukadzapeza kamwana ka kadzidzi pansi pa mtengo kosavulala, kasiyeni, makolo ake amakadyetsa pomwepo usiku. Kovulala kaikeni m'katoni pamalo amdima, osakathira madzi kukamwa, n'kuimbira osamalira mbalame.)

Ngati tsikulo akudyetsa miimba, dikirani ngakhale zikuchedwetseni ndi theka la ola. Fungo lilipo, phokoso lilipo, koma ana saiwala. Asidi wa m'mimba mwa muimba ndi wamphamvu moti amapha tizilombo ta matenda tokhala m'nyama yowola. Mitundu yambiri imaikira dzira limodzi pa chaka, n'chifukwa chake poizoni akaipha yambiri nthawi imodzi chiwerengero chake chimatenga zaka kuti chibwerere. Mu 2019 ku Botswana miimba 537 inafa itadya mitembo ya njovu yothiridwa poizoni. Ku Liwonde miimba inali itasowa, inayamba kuonekanso atabwezeretsamo nyama zolusa zotchedwa cheetah mu 2017, chifukwa panayamba kupezeka zotsala zoti idye.

Zonyamula si zambiri. Madzi lita imodzi munthu aliyense, zipewa, chiphaso kapena pasipoti, ndi mankhwala a makolo ngati amamwa m'mawa. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti m'mawa kumazizira kwambiri kuposa ku Durban, makamaka pa galimoto yotsegula, choncho majuzi ndi kabulangete ka agogo zisatsale. Nyengo yomweyo ndi imene udzu umakhala waufupi ndipo nyama zimaoneka mosavuta. Ngati mungabwereke mabainokyula, a 8x42 ndi abwino, awiri akwanira banja lonse. Pojambula mbalame ikuuluka ndi foni, tengani vidiyo ya slow motion n'kudzadulamo chithunzi pambuyo pake. Wa kamera yaikulu aike shutter pa 1/2000.

Malungo m'dera limeneli mulibe, simufunika mankhwala oteteza. Chimene chilipo ndi nkhupakupa, makamaka ting'onoting'ono tokhala mu udzu wautali pa malo a pikiniki. Ana avale nsapato zotseka ndi masokosi, ndipo mukafika kunyumba muwayang'ane kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa ndi m'tsitsi. Wina akayamba kutentha thupi ndi kupweteka mutu pakatha masiku 5 mpaka 7, ndipo pali kabala kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, apite kuchipatala akanene kuti anali kutchire. Makolo akadwala atabwerera kale kumudzi anenenso zomwezo, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi malungo pamene mankhwala ake ndi osiyana.