Mabuleki ndi atsopano, nanga bwanji galimoto inakana kuima?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amayendetsa takisi pakati pa Chipata ndi Katete. Akuti cha ku Mtenguleni ngolo ya ng'ombe inatulukira mumsewu mwadzidzidzi, iye n'kuponda mabuleki ndi mphamvu zonse, koma galimoto inakaima pangodutsa chala kuti aigunde. Anali pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Funso lake n'lakuti: "Mabuleki ndinasinthitsa mwezi womwe uno. Kodi makaniko anandinyenga?"

Achimwene, makanikoyo musamuimbe mlandu msanga. Mtunda umene galimoto imayenda isanaime uli pawiri, ndipo mbali yoyamba mabuleki alibe nayo gawo. Diso likaona ngolo, mutu uzindikire, phazi lichoke pa mafuta lifike pa buleki, pamapita pafupifupi sekondi imodzi, ndipo ameneyo ndi dalaivala watcheru. Pa 100 galimoto imadya mamita 28 pa sekondi iliyonse. Mukakhala kuti mwadzuka 4 koloko m'mawa, kapena dzanja lili pa foni mukuyankha kasitomala, mamitawo amatha kufika 50 musanaponde n'komwe.

Mbali yachiwiri ndi imene ndikufuna muimvetsetse. Ambirife timaganiza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira nawonso uwirikiza kawiri. Sichoncho, umawirikiza kanayi. Mphamvu imene galimoto yothamanga imasenza imakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, ndipo yonseyo iyenera kuthera m'kukhulana kwa mabuleki ndi kwa matayala pa phula. N'chifukwa chake mawilo amatentha mukaima mwadzidzidzi. Pa phula louma, matayala ali abwino, galimoto yaing'ono ili pa 50 imafuna mamita pafupifupi 14 kuchokera pamene mwaponda. Pa 100 imafuna 56. Onjezani mamita 28 aja, akwana 84, kungotsala pang'ono kutha bwalo la mpira.

Ine chimene chimandiopsa ndi ichi. Tiyerekeze galimoto ziwiri zili mbali ndi mbali, ina pa 80 ina pa 100, madalaivala aona mwana wasukulu nthawi imodzi. Ya pa 80 iima pa mamita 58. Pamalo omwewo, ya pa 100 imakhala ikadali pa liwiro la pafupifupi 68. Kusiyana kwa 20 kokha pa geji, koma wina waima pamene mnzake wagunda munthu ngati sanaponde buleki.

Dziwaninso kuti buleki imangogwira wilo, chimene chimagwira msewu ndi tayala. Malo amene tayala lililonse limakhudza pansi ndi ochepa ngati chikhatho chanu. Gwadani muone matayala anu akutsogolo, lowetsani chala m'mizere. Ngati asalala ngati chidendene, madzi alibe kothawira. Nthawi ya mwambo wa Angoni wa Nc'wala, kumapeto kwa February, msewu womwewo wa ku Mtenguleni umakhala wonyowa, wodzaza anthu oyenda pansi ndi njinga. Pa phula lonyowa mamita 56 aja amatha kufika pafupifupi 100. Mchenga ndi timiyala tokokoloka ndi mvula n'kudzaunjikana m'mbali mwa msewu timachitanso chimodzimodzi, tayala limangotsetsereka pamwamba pake.

Za katundu simunafunse, koma ndikudziwa mmene matakisi athu amadzazira: anthu anayi kumbuyo, matumba a mtedza m'buti. Galimoto yolemedwa imapatsa mabuleki ntchito yambiri, ndipo pamtsetse wautali, monga potsikira ku mlatho wa Luangwa, amatentha mpaka kusiya kugwira bwino. Pamenepo tsitsani giya, injini ikuthandizeni.

Ngati galimoto yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa mawilo kuumiratu n'kumatsetsereka mukaponda buleki mwamphamvu, buleki ikamanjenjemera pansi pa phazi musachotse, pondanibe n'kumakhotetsa chiwongolero. Koma musaidalire kuti ifupikitsa mtunda pa msewu wa miyala.

Kuti mudziwe ngati makaniko anagwira ntchito yake, pezani malo oongoka opanda anthu, yendani pa 40, pondani mwamphamvu. Iime mkati mwa mamita pafupifupi 10, osakokera kumanzere kapena kumanja, buleki osamira mpaka pansi. Ikalephera pamenepo, bwererani nayo kugalaji tsiku lomwelo musanakweze munthu.