Za miyezi itatu ija, achemwali a ku Makanjira

Achemwali, pepani ndi zomwe zakugwerani. Mwafunsa ngati ndi zoona zomwe ankhoswe anena, kuti poti amuna anu apereka talaka (mawu osudzulira mkazi m'Chisilamu), inu akudyetsani miyezi itatu ya eda (nthawi yodikira banja likatha) basi, kenako muone nokha chochita ndi ana atatuwo. Miyezi itatuyo ndi dongosolo la chipembedzo ndipo sindikuinyoza, koma boma lili ndi mawu akenso. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mayi alandire gawo loyenera la katundu amene anapeza limodzi ndi mwamuna, komanso chithandizo choyenera poona kapezedwe ka mwamunayo ndi zosowa za ana. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kumzikiti, wa kutchalitchi, wa chinkhoswe, ngakhale wongolowana ngati khoti lauvomereza ndipo mwakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Ndiye wina asakuopsezeni kuti mulibe setifiketi ya kwa DC.

Mtengo woikika palibe. Khoti limaona kuti bambo amapeza zingati, inu mumapeza zingati, mwakhala zaka zingati m'banjamo, ndipo anawo akhala ndi ndani. Kuphika, kulera ana, kuyanika usipa pathandala dzuwa likuswa mtengo, zonsezo zimawerengedwa kuti munathandiza kupeza chumacho.

Pamene pamavuta kuno ku Mangochi ndi pa kapezedwe. Mphunzitsi kapena wapolisi sangabise, malipiro ake ali papepala. Koma bambo wa boti kapena woyenda ku Joni amafika kukhoti atavala malaya ong'ambika m'khwapa, n'kunena kuti, “Bwana, nyanja yauma, ndilibe kalikonse.” Mng'ono wanga zinamuchitikira. Mwamuna wake anali ndi injini ziwiri ndi chilimira, koma tsiku la mlandu zonse zinasanduka za amalume ake. Chinamupulumutsa ndi kope lothimbirira ndi mafuta lomwe ankalembamo yekha mabigiri a usipa ogulitsidwa tsiku lililonse, ndi mauthenga a ndalama omwe sanafufute mufoni. Choncho yambani lero kusonkhanitsa: malisiti a Mukuru ngati ankatumiza ali kunja, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, zithunzi za boti, dzina la yemwe anawagulitsa injini. Lembaninso zomwe mumawononga pamwezi, ufa, sopo, fizi, yunifolomu, mankhwala, osakokomeza, chifukwa majisitireti akakupezani bodza limodzi amayamba kukayikira zonse.

Musasakanize ndalama yanu ndi ya ana. Ya ana ili ndi lamulo lake la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, ndipo bambo sangaithawe mwana asanakwanitse zaka 18, kaya akwatira wina kaya inu mwakwatiwanso. Yanuyo imatha kuchepetsedwa kapena kuimitsidwa zinthu zikasintha. Pemphani ziwirizi padera. Musaiwalenso nkhani ya nyumba: kwa ife a chikamwini mwamuna amayenera kumangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula zimenezi kwa amene sanamange.

Ngati ya loya mulibe, funsani a Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yothandiza osowa. Ankhoswe anu mupite nawo ngati mboni. Koma pepala lililonse limene akuchimuna angabwere nalo kunyumba kuti “tingomalizirana pachibale”, musadindepo chala wina wodziwa malamulo asanakuwerengereni.