Yankho kwa achemwali pa za mbali ya mlonda ija

Ee, achemwali, uthenga wanu ndaumvera. Mukuti kodi n'kwanzeru kuti mnyamatayu achoke ku Dedza kuno kupita ku Lilongwe chifukwa chokasewera mbali ya mlonda mufilimu basi, poti yaikulu apatsa wina? Ine ndikuti apite.

Mufilimu eni nkhani amakhala awiri kapena mmodzi, koma alonda, mafumu, apongozi ovuta, asing'anga, makondakitala, amenewa amafunika m'sewero lililonse. Wosewera mbali zoterezi ntchito simuthera msanga. Imvi zikamera, mlonda uja amupatsa ufumu.

Tsono amvetse izi. Kachigawo kamodzi amakajambula kangapo, kamera ili patali, kenako pafupi, kenako kumbuyo kwa mnzake. Ngati poyamba tochi anaigwira kumanja n'kutsegula geti atamaliza kunena kuti "mukufuna ndani", azichita chimodzimodzi ulendo uliwonse. Akasintha dzanja, wolumikiza zithunzi pa kompyuta sangazigwirizanitse, ndiye chapafupi kwa iye n'kungomudula. Ambiri amagwera pamenepo, kuitana mudzi wonse kuti udzaonere, filimu kutha iye osaoneka. Tsitsi ndi ndevu asamete mpaka atamuuza kuti wamaliza, chifukwa zochitika za tsiku limodzi m'nkhani amatha kuzijambula milungu yosiyana. Komanso pojambula satsata ndondomeko ya nkhani ayi, akhoza kuyamba ndi maliro, ukwati wa malemuyo n'kudzajambula mawa lake. Choncho awerenge nkhani yonse, osati mizere yake yokha.

Zokuwa ndi kutambasula manja za zisudzo za kusukulu zija azisiye. Maikolofoni imakhala pamwamba pa mutu kapena pachifuwa, akakuwa mawu amasweka. Azilankhula ngati akucheza pakhonde. Aloweze mawu ake, ndi mawu omaliza a mnzakeyo, poti ndi amene amamuuza polowera. Kamera asaiyang'ane.

Za ndalama, asanakwere minibasi afunse: malipiro ndi a tsiku kapena a mbali yonse? Masiku akapitirira awonjezera? Thiransipoti, chakudya ndi pogona alipira ndani? Amuyankhe molemba, olo pa WhatsApp pomwepo. Aja oti "tidzakulipira filimu ikagulidwa" awakanire mwaulemu, kapena amupatse kaye theka. Nkhope yake akafuna kuiika pa malonda, zimenezo ndi ndalama zina. Ndipo geni yake ya kachewere asatseke, ntchito izi zimabwera mwa apo ndi apo.

China, mbali imakakamira munthu. A Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024 anthu akuwatchulabe Manganya wa mu Tikuferanji. Malemu a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, ambiri ankangowadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Kwa amenewo dzinalo linawatsegulira makomo, koma wongoyamba kumene akavomera ulonda katatu motsatizana, basi, palibenso amene angamuganizire pa uphunzitsi kapena ubusa. Ndiye ajambule pafoni tizigawo tiwiri ta mphindi imodzi imodzi, kena ali mlonda, kena ali munthu wina wosiyaniratu, azitumiza akamva kuti kwinakwake akusaka anthu.

Akamuuza kuti afike 6 koloko m'mawa, akagone komweko kwa abale, asadalire minibasi yam'mamawa yodikira kudzaza. Mumuuze andiimbire madzulo ano tiwerengere limodzi mawu akewo.